Mzere Wachitatu

Pakutha pa mwezi, kalaliki wa kampani yathu ya alonda ku Makeni
amandipatsa kapepala kopyapyala ngati khoko la anyezi.
Ndimawerenga ndi chala.
Mzere woyamba, msonkho.
Wachiwiri, penshoni imene mwina ndidzafa osailawa.
Wachitatu, inshuwalansi ya chipatala,
ya ine, ya mayi wa kunyumba, ya ana.
Timakwacha tochepa, inde,
koma tokwana kathumba ka makala ndi kapenta wodzaza mbale.
Ankati boma limathirapo zake pamwamba.
Ine ndinkati, ndani anaziona?
Akuba ovala tayi.

Ndiye Juni anafika ndi mphepo yake ya fumbi.
Ndili pageti la nyumba yosungiramo simenti,
foni inanjenjemera m'thumba la jekete:
"Bwerani. Zelipa akulephera kupuma."
Ndinasiyira Sakala tochi ndi chibonga,
ndinathamanga mpaka nsapato za kampani zinandidya zidendene.

Ku Kanyama magetsi kunalibe.
Pa kuwala kwa kandulo ndinaona nthiti za mwana wanga,
zaka zisanu ndi ziwiri,
zikulowa, zikutuluka,
chifuwa chikulira ngati chitseko cha malata.
Wa takisi anatchula mtengo wa usiku. Sindinanenerere.

Pa zenera la chipatala mtsikana woyasamula anati, "Khadi."
Amake anaitulutsa m'Baibulo, pakati pa Masalimo,
mmene inagona zaka ziwiri osaitanidwa.
Anagogoda makina.
"Netiweki yagwa. Dikirani."
Tinadikira. Ndinawerenga matailosi osweka, khumi ndi anayi.
Itadzuka netiwekiyo, dzina linakana:
wina ku ofesi analemba Zelifa.
Chilembo chimodzi chokha
chinaima pakati pa mwana wanga ndi mpweya
ngati ine ndimaimira pageti la eni ake.
Mtsikana uja anayang'ana khadi, anayang'ana nthiti zija,
anati, "Ndi yemweyu. Pitani."

Anamuveka kachigoba kobiriwira pamphuno.
Anajambula chifuwa. Mankhwala anabwera pathireyi.
Dzanja langa linapita lokha m'thumba lakumbuyo,
koma palibe anatambasula lake.

Bedi loyandikana nalo panali mnyamata, Ganizani,
chifuwa chomwecho, nyimbo yomweyo.
Amake amaswa miyala m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga,
zikhato zoyera ngati anapaka ufa.
Mwala sulemba pepala la malipiro.
Anawapatsa kachikalata: awa atha, mukagule kunja kukacha.
Ndinawaona akumasula mfundo ya chitenje ndi mano,
nkuyala makobidi pabondo,
kuwerenga, kubwerezanso,
ngati mwina achiwiriwo aswana.

Ndinayang'ana kumbali.
Manyazi a munthu amene wapulumuka ndi achilendo:
sudziwa poika maso.

Kutacha Zelipa anapempha fanta ndi chitumbuwa.
Amake anaseka mpaka misozi.
Ine ndinali ndi ya basi yobwererera, ndi ina pang'ono ya ndiwo.
Ndinaisiya pabondo la mayi uja osanena kanthu,
iwonso sananene kanthu,
ndipo ndinayenda wapansi kudutsa Kamwala,
kudutsa njanji, Soweto akuyala tomato,
makondakitala akundikoka malaya.
Sindikudziwa ngati inakwana.

Mwezi uno kapepala kabweranso.
Makala akwera, lendi yakwera,
Sakala akuti ndimubwezere usiku wake uja.
Chala changa chatsika, msonkho, penshoni,
chaima pa mzere wachitatu.
Sindinatukwane.
Kuyamika kwenikweni sindinayamikenso,
poti kapenta uja ndimamufunabe.
Kunja Zelipa akulumpha chingwe ndi anzake,
akuwerenga mokuwa mpaka makumi atatu osatsokomola.
Ndatembenuza kapepala kumbuyo, koyera,
kopanda mzere ngakhale umodzi,
ndipo ndakumbukira zikhato zija.

Lolemba ndipita ku ofesi yawo m'tauni
akakonze chilembo chija.
Dzina lake ndi Zelipa.